Kodi ndingachotse otomatiki n'kuika manyuwo pakhomo panga?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Area 25, kuno ku Lilongwe. Iwo alemba kuti: "Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004, ija ya NZE121, ya otomatiki. Masiku ano ndikaika pa D m'mawa imachedwa kugwira, ndipo ikatentha, pokwera chitunda injini imangolira koma galimoto osathamanga. Anzanga akuti otomatiki ndi mavuto okhaokha, ndingochotsa ndiike manyuwo. Mphwanga akuphunzira umakaniko ndipo akuti ntchitoyi tikhoza kuigwira pabwalo pakhomo Loweruka ndi Lamlungu. Kodi n'zotheka? Nanga ndigule chiyani?"

Bambo, pa galimoto yanuyo n'zotheka ndithu. Corolla ya NZE121 inkatuluka ku fakitale m'mitundu yonse iwiri. Ina inkabwera ndi otomatiki ya magiya 4 yotchedwa U340E, ina ndi manyuwo ya magiya 5, ndipo injini ndi yomweyo, 1NZ-FE ya malita 1.5. Ndiye kuti thupi la galimotoyo analikonza kale moti chopondera chachitatu chipeze malo, ndipo zitsulo zonse zimene mukufuna zilipo penapake, zopangidwa ndi eni ake. Koma za Loweruka ndi Lamlungu lokha zichotseni m'mutu. Komanso musanagule ngakhale bawuti imodzi, ndikupempheni kuti tiyambe taona ngati giyabokosi imene mukufuna kuitayayo yafadi.

Ndikutero chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikugona pansi pa magalimoto, ndaona magiyabokosi ambiri akuchotsedwa ali amoyo. Yendetsani galimotoyo mpaka itenthe, muiimike pamalo osapendekeka, injini ikulira. Mutaponda buleki, dutsitsani ndodo ya magiya pa malo onse, kuchokera pa P mpaka pa L, n'kubwerera pa P. Kenaka solani kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, mupukutire pa pepala loyera. Oyilo wabwino amakhala wofiira, woonekera, ndipo sanunkha chopserera. Akakhala wochepa, chimenecho chokha chikhoza kuchedwetsa D m'mawa, chifukwa otomatiki imagwira magiya ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa kudzera mu ladiyeta, paja oyilo wa otomatiki amakazizirira m'kachipinda ka mkati mwa ladiyetayo. Akakhala wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera mumphika, ndi tizinyalala takuda m'menemo, ndiye kuti timakilatchi ta mkati tapsa.

Werenganinso zimene zalembedwa pa kachitsuloko. Pa magalimoto ambiri a msinkhu umenewu pamalembedwa T-IV, ndipo oyilo wake ndi ameneyo basi. Kuno timakonda kunena kuti oyilo wofiira ndi wofiira, n'kuthira aliyense amene wapezeka m'botolo la pamsika. Chimene chapha maotomatiki ambiri mu Lilongwe muno ndi chimenechi, pamodzi ndi kukoka galimoto yofa mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi, ndi kuchoka pa D kupita pa R galimoto isanaimiretu. Mukatha pamenepo, pitani kwa munthu amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto akalumikize pansi pa chiwongolero. Tsiku lina mayi wina wa ku Chinsapo anabwera ndi Corolla yonga yanuyi, atauzidwa kale kuti agule giyabokosi ina. Galimoto inkakakamira pa giya yachitatu, osasintha. Makina anaonetsa vuto la solenoid, kavavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka njira ya oyilo m'giyabokosi, ndipo titatsata mawaya tinapeza kuti khoswe anadya waya umodzi pafupi ndi pulagi. Tinalumikiza, mayiwo anapita kwawo madzulo omwewo. Akanamvera za anthu, bwenzi atagulitsa mbuzi zawo pachabe.

Komabe sindikubisirani. Zimene mwafotokozazo, zoti ikatentha injini imalira galimoto osakoka, nthawi zambiri zimaloza ku timakilatchi ta mkati. Ngati oyilo ali wokwanira koma wopserera, giyabokosiyo yatopa, ndipo kusintha oyilo sikungaidzutse. Zikatero muli ndi njira zitatu: kugula otomatiki ina yofanana nayo yochokera m'galimoto yophwasulidwa, kuitsegula yomweyo n'kuikonza mkati, kapena kusinthiratu kupita ku manyuwo. Mwa zitatuzi, yoyambayo ndiyo imatuluka yotchipa kawirikawiri. Mumachotsa ina n'kuika ina, mapulagi amalowa m'malo mwake, simuboola chitsulo chilichonse, ndipo makaniko wodziwa amamaliza tsiku limodzi kapena awiri. Manyuwo imafuna kuti mugule zinthu zoposa khumi kuwonjezera pa giyabokosiyo, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe sipeya imene mungaitchule kuti njotchipa.

Anzanuwo sakunama pa zonse. Manyuwo ikafa batire mumaikankha n'kulira, pamene otomatiki mumadikira wina abwere ndi mawaya. Kwa munthu amene amapita kumudzi pafupipafupi, kaya ku Kasiya, ku Mitundu kapena ku Nambuma, chimenechi si chaching'ono. Kilatchi ikatha, makaniko wa pa sitolo iliyonse yaikulu angaisinthe, koma otomatiki imafuna munthu wake. Mafuta nawo manyuwo ya magiya 5 imamwa pang'ono poyerekeza ndi otomatiki yakale ya magiya 4, koma kusiyanako sikokwanira kubweza msanga ndalama zimene muwononge posintha. Tsono ganizirani ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku. Kuchoka ku Area 25 m'mawa, kudutsa Kanengo pakati pa mathiraki, kukafika m'tauni, ndiye madzulo kukakhala pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe, mwendo wakumanzere ukungoponda ndi kusiya. Walira mvula walira matope. Funsaninso kunyumba: mayi akunyumba amayendetsa galimotoyi? Anaphunzirira manyuwo? Ndaonapo galimoto yosinthidwa bwinobwino ikugulitsidwa pakatha miyezi itatu chifukwa pakhomopo woiyendetsa anatsala mmodzi. Ndipo pogulitsapo, wogula akamva kuti inasinthidwa amayamba kutsitsa mtengo.

Poti ena akuwerenganso yankholi ali ndi magalimoto ena, ndinenepo mwachidule. Sienta yoyamba ija, imene yadzaza m'misewu yathu ngati takisi, sinatulukepo ndi manyuwo ku Japan. Palibe chopondera chake, palibe makebulo ake, ndipo ndodo ya magiya siili pansi pakati pa mipando. Aliyense amene akulonjezani kuisintha adzachita kusula ndi kuwotcherera, ndipo ine sindingakwezemo ana anga. Ma hybrid monga Aqua ndi Prius musayerekeze n'komwe, chifukwa mamota a magetsi ali m'kati mwa giyabokosi momwemo, ndipo mawaya ake achikasu chofiirira aja amanyamula magetsi oti akhoza kupha munthu. Probox yakale inali nayo manyuwo, koma kuyambira 2014 inayamba kubwera ndi CVT yokha, mtundu wina wa otomatiki. Lamulo langa ndi limodzi: ngati fakitale sinapangepo galimoto yofanana ndi yanu ya manyuwo, ntchitoyi si yapakhomo.

Tiyerekeze kuti mwaganiza mofatsa ndipo mtima uli pa manyuwo basi. Musagule zinthu chimodzichimodzi, lero giyabokosi ku Biwi, mawa chopondera ku Malangalanga, mkuja makebulo kwa mnzanu. Anthu ambiri amene magalimoto awo akhala pa zitsa chaka chathunthu anayamba choncho. Funani hafukati, lomwe ndi theka la kutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, kapena galimoto yangozi ya manyuwo ya mtundu womwewo imene kutsogolo kwake kuli kwabwino, kuti chilichonse chichoke m'thupi limodzi. Tsegulani boneti muone kachitsulo kamene kalembedwa nambala za galimoto. Pamzere wa Model, pambuyo pa NZE121 pali zilembo zisanu. Chachitatu chikakhala P, galimotoyo inabadwa ya otomatiki. Chikakhala M, inabadwa ya manyuwo. Pansi pake, pamzere wa Trans/Axle, pamalembedwa dzina la giyabokosi. Chitani zimenezi pa galimoto yanu ndi pa imene mukugulako zitsulo, mujambule ndi foni.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chagwetsa ambiri. Ma Corolla ndi ma RunX a ku South Africa a maonekedwe omwewa ambiri ndi a manyuwo, ndipo amapezeka kuno. Koma injini zake ndi za banja lina, 4ZZ, 3ZZ kapena 1ZZ. Giyabokosi yake mukaiona pansi imafanana ndi imene mukufuna, koma mabowo a mabawuti sakumana ndi injini ya 1NZ. Funsani kuti inachoka pa injini yanji, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa, musapereke ndalama.

Kuchokera m'galimoto yophwasulidwayo mutenge giyabokosi pamodzi ndi foloko yake ndi slave cylinder (kachipangizo kokankha folokoyo), flywheel (chitsulo chozungulira cholemera chimene kilatchi imagwirapo), mashafuti onse awiri a CV, ma mounting ndi zitsulo zimene amamangirirapo, sitata, ndodo ya magiya ndi makebulo ake awiri, chopondera kilatchi ndi chitsulo chake, chopondera buleki chopapatiza chija, master cylinder ya kilatchi (kapampu kamene chopondera chimakankha) ndi paipi yake yonse, kompyuta ya injini, ndi mawaya onse a mu injini osadula. Mabawuti onse muwatole, muwaike m'timapepala ta shuga, mulembepo kumene achoka. Mashafuti ndi sitata nthawi zina zimakwana zakale zomwezo, koma zimenezo mudzazidziwa galimoto ili kale pa zitsa, ndiye kuli bwino zikhale pafupi.

Giyabokosiyo iyeseni ili pansi pomwepo. Zunguzani shafuti yolowera ndi dzanja uku mukulowetsa giya iliyonse, kuphatikizapo rivesi. Izizungulira mosalala, osakhuluza. Igwedezeni shafutiyo, ikamasewera kwambiri, mabeling'i atha. Tsegulani bawuti yotayira oyilo muone zotuluka. Kunyezimira pang'ono ngati fumbi sikoopsa, koma tizidutswa ta chitsulo toti mungatigwire ndi zala ndi mano a magiya amenewo. Yang'anani ming'alu pa chikopa chake, makamaka ngati galimotoyo inagundidwa kutsogolo. Ndipo mugwirizane ndi wogulitsa, molemba pa lisiti, kuti ikakalira kapena kutulutsa giya mudzaibweza.

Pali zina zimene simuyenera kugula zakale ngakhale ndalama zitachepa motani. Kilatchi yonse, kutanthauza mbale, pressure plate ndi release bearing, igulidwe yatsopano. Aisin ndi Exedy ndi maina odalirika, koma mabokosi abodza aliponso, ndiye gulani kwa munthu amene mungamubwerere. Silo yotchinga oyilo ya kumbuyo kwa crankshaft, shafuti yaikulu ya injini, isinthidwe pomwepo, poti malowo adzakhala poyera kamodzi kokha; ikadzayamba kudontha pambuyo pake, oyilo adzanyowetsa kilatchi yanu yatsopano ndipo mudzatsitsanso zonse. Masilo awiri a polowera mashafuti chimodzimodzi. Flywheel ikakhala ndi mabala a buluu kapena mizere, ipititseni kwa a makina akaisalaze.

Tsopano za pabwalo panupo, ndipo apa ndilankhula ngati ndikulankhula ndi mphwanuyo maso ndi maso. Galimoto siikhala pa njerwa. Njerwa yowotcha imaoneka yolimba, koma ikalemedwa imaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza. Siikhalanso pa jeke yekha. Bwerekani zitsulo zoimikira galimoto, muziike pa simenti. Ngati pabwalopo ndi padothi, yalani matabwa ochindikala pansi pake, ndipo nthawi ya dzinja musayambe n'komwe chifukwa dothi lonyowa limatitimira usiku inu muli mtulo. Miyezi ya May mpaka July ndiyo yabwino: pansi pouma, ndipo fumbi la mu September ndi October lisanayambe kulowa paliponse. Matayala akumbuyo muwatchinge ndi miyala, ndipo matayala amene mwachotsa muwagoneke pansi pa galimoto kuti ikatsetsereka ipeze pogwera. Munthu asalowe pansi ali yekha pakhomo. Ndinaperekezapo maliro a mnyamata amene ankadziwa ntchito kuposa anzake onse, koma tsiku limenelo anadalira jeke.

Yambani ndi kuchotsa batire. Manati akuluakulu a pa mashafuti muwamasule galimoto ikadali pansi. Oyilo wa otomatiki mumukhetsere m'chigubu. Musamuthire pansi, paja m'makomo ena anthu amamwa madzi a pachitsime. Pulagi iliyonse muijambule musanaizule, muimate kapepala. Injini ifunika chogwirizira, chifukwa mukachotsa mounting ya mbali ya giyabokosi idzalendewera. Ena amagoneka mtengo wolimba pamwamba n'kuimangirira ndi tcheni, ena amaika jeke pansi pa sampu atatsamiritsa thabwa. Musanalekanitse giyabokosi ndi injini, masulani mabawuti amene amamanga torque converter, chimene chimagwira ntchito ya kilatchi pa otomatiki, ku mbale yopyapyala ya kumbuyo kwa injini. Mumawapeza limodzilimodzi kudzera pa kawindo ka pansi, uku wina akuzunguza injini ndi sipanala. Otomatiki ndi converter yake imalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo ilibe pogwira pabwino. Itsike pa jeke, anthu awiri akuiwongolera, wina asaike chifuwa pansi pake.

Mukachotsa mbale yopyapyalayo mupeza timbale tina tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo kwake. Tonse tichoke. Flywheel imakhala pa crankshaft mwachindunji, ndipo mukaiwala kamodzi mkati, sitata siidzakumana bwino ndi mano. Mabawuti a otomatiki musawagwiritse ntchito pa flywheel. Pezani ake enieni, atsopano ngati n'kotheka, muwapake mankhwala omata ulusi. Pa 1NZ-FE amamangidwa modumphadumpha mpaka 49 Nm, kenaka lililonse n'kulipotolanso madigiri 90. Apa mpamene torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti, imafunika, ndipo ngati mulibe, bwerekani kapena lipirani munthu abwere nayo. Zomanga ndi paipi n'kumati dzanja langa limadziwa, pa flywheel ayi. Chitsulo chimenecho chimazungulira kambirimbiri pa mphindi, pafupi ndi mapazi anu.

Pukutani nkhope ya flywheel ndi ya pressure plate kuti pasakhale mafuta ngakhale a m'zala. Mbale ya kilatchi ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel. Mukaitembenuza, zonse zidzamangika bwinobwino koma giya siidzalowa. Iikeni pakati penipeni pogwiritsa ntchito kachida kake kapena shafuti yakale ya giyabokosi, ndipo mabawuti a pressure plate muwamange pang'onopang'ono mozungulira. Girizi apite pang'ono chabe pa mano a shafuti ndi pamene foloko imatsamira. Pokweza giyabokosi, onetsetsani kuti timisomali tiwiri tolondolera tili m'malo mwake pa injini. Ikafika bwino imadzilowera yokha n'kukhudza injini. Ikatsala mpata wa chala, musaikoke ndi mabawuti. Itulutseni, muzunguze shafuti pang'ono, muyesenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amakoka ndi mabawuti amapinda mbale yatsopano kapena kung'amba chikopa cha giyabokosi, ndipo ndalama zonse zija zimathera pomwepo.

Anthu amaganiza kuti ntchito yaikulu ndi imeneyi, koma mphwanu wophunzira umakanikoyo gawo ili angalithe. Kumene masiku amathera ndi m'kati mwa galimoto, chagada pansi pa chiwongolero. Master cylinder ya kilatchi imafuna mabowo pa chitsulo cholekanitsa injini ndi anthu. Pa magalimoto ambiri amene ankatuluka m'mitundu iwiri, malowo amaoneka ngati chidindo pachitsulopo mukachotsa kapeti. Musaboole mongoyerekeza. Dulani katoni pa hafukati ija, mulembe mabowo ake, mudzaisamutsire pa yanu. Bowo likapatuka pang'ono, ndodo ya master cylinder imakankha chammbali, ndipo pakapita miyezi ingapo imayamba kudontha pa phazi lanu. Mukaboola, pakani penti m'mphepete kuti dzimbiri lisayambe. Chitsulo cha chopondera chimangidwe pa malo ake onse, kuphatikizapo bawuti ya pamwamba imene imavuta kufikira. Ndinalandirapo galimoto imene anaisiya bawuti imeneyo. Munthu akaponda kilatchi chitsulo chonse chinkapindika, giya n'kumakhuluza, mpaka pachitsulo cha galimoto panachita mng'alu.

Chopondera buleki cha otomatiki ndi chachikulu, ndipo chimatsekereza malo a kilatchi. Ambiri amangochidula ndi sowo, ena mpaka kuchipinda ndi moto. Inu chotsani chonse muike chopapatiza cha ku hafukati. Buleki ndi moyo wa aliyense amene ali m'galimotomo ndi wa mwana amene akuwoloka msewu pa Nsungwi. Sipoyesera luso la kuwotcherera. Mukasintha, onaninso kuti magetsi a buleki akuyaka nthawi yake. Paipi ya kilatchi ikhale yachitsulo yeniyeni ndi kapaipi kake kofewa ka kumapeto, osati paipi ya petulo yomanga ndi waya. Mafuta ake ndi a buleki, DOT 3, ndipo mpweya muutulutse anthu awiri, wina akuponda wina akutsegula kabawuti ka pa slave cylinder. Makebulo a magiya adutse m'njira yawo, ndi labala wake pabowo, kutali ndi ekizozi. Akatentha amauma, ndipo giya imayamba kulimba ngati mukusuntha mwala.

Pa magetsi ndi pamene ndikukupemphani kuti muitane munthu wa mawaya a galimoto, ngakhale kwa tsiku limodzi. Otomatiki ili ndi switchi pa giyabokosi imene imalola sitata kuzungulira pokhapokha ndodo ili pa P kapena pa N. Mukachotsa giyabokosi, switchiyo yapita, ndipo galimoto siilira. Njira yachidule imene ambiri amachita ndi kupota mawaya awiriwo pamodzi n'kumata tepi. Galimoto imalira ndithu, koma imaliranso ili m'giya. Taganizani mwaimika pa giya yoyamba pakhomo, mwana akusewera kutsogolo, wina n'kupotokola kiyi ali panja kuti amvere wailesi. Mawaya amenewo adutse pa switchi ya pa chopondera kilatchi, kuti galimoto izilira pokhapokha munthu wakhala pampando ndipo waponda. Magetsi a rivesi nawo ankachokera pa switchi yomwe ija, ndiye alumikizidwe ku kaswitchi ka pa giyabokosi yatsopano. Onaninso kuti sipidomita ikuwerenga, ndiponso kuti kiyi akutuluka, chifukwa pa otomatiki kiyi amakanirira mpaka ndodo ifike pa P, ndipo kachipangizo kameneko kayenera kuthetsedwa.

Kompyuta ndiyo nkhani ina. Pa Corolla yanuyo kompyuta imodzi yomweyo imayendetsa injini ndi giyabokosi. Mukaisiya ya otomatiki, idzakhala ikufunafuna ma solenoid amene kulibe, idzayatsa nyali ya check engine, ndipo kalilidwe ka injini poima ndi posintha magiya sikadzakhala bwino. Ena amangozula babu la nyaliyo. Musalole zimenezo, chifukwa tsiku limene injini idzakhale ndi vuto lenileni simudzadziwa. N'chifukwa chake ndanena kuti mutenge kompyuta ya manyuwo ndi mawaya ake. Ngati galimoto yophwasulidwayo inali ndi immobiliser, chipangizo choletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, mutengenso kiyi wake ndi zonse zowerengera kiyiyo, apo ayi injini idzazungulira koma osalira. Timapaipi tiwiri ta pa ladiyeta tomwe munkadutsa oyilo wa otomatiki mungotitseka kuti musalowe fumbi.

Mapepala musawaiwale. A inshulansi muwadziwitse molemba kuti galimoto yasinthidwa, kuti tsiku la ngozi pasadzakhale chonamizira. Ngati mwakopeka kuti muike ndi injini ya hafukati yomwe, dziwani kuti nambala ya injini siidzafanananso ndi ya mu bulubuku, ndipo zimenezo ziyenera kukakonzedwa ku Road Traffic musanakumane nazo pa COF kapena pa rodibuloko. Malisiti a zonse zimene mwagula muwasunge pamodzi ndi mapepala a galimoto. Amakutetezani ngati zitadzadziwika kuti chitsulo china chinachoka m'galimoto yobedwa, ndipo amathandiza wogula wam'tsogolo kukhulupirira ntchito yanu.

Mukandifunsa ine kuti ndingatani itakhala yanga, ndikuuzani mosapsatira. Ngati moyo wa galimotoyi ndi Area 25, tauni, kutchalitchi ndi kusukulu kwa ana, ndingagule U340E ina yabwino, n'kutsuka mapaipi ndi ladiyeta kuti zinyalala za yakale zisalowe mu yatsopano, n'kuthira T-IV weniweni. Giyabokosi imeneyo ikasamalidwa ndi yolimba kwambiri. Koma ngati mumayenda misewu yafumbi mwezi ndi mwezi, mukufuna kukhala nayo galimotoyi zaka zambiri, ndipo mwapeza hafukati yathunthu ya M ija, sinthani, simudzadandaula. Muwerengere masabata awiri kapena atatu galimoto ili pa zitsa, ndi ndalama ya minibasi ya masiku amenewo, ndi ina yapadera ya tinthu timene tidzasowe pakati pa ntchito, chifukwa sitilephera kusowa.

Tsiku loliza koyamba, galimoto ikhale ikadali pa zitsulo zake, matayala akutsogolo ali m'mwamba, munthu aliyense atachoka kutsogolo. Tsimikizani kuti mwathira oyilo wa giyabokosi, 75W-90, mpaka wayamba kutuluka pa bowo lothirira la m'mbali. Manyuwo ilibe nyali yokuuzani kuti ndi youma, ndipo ikhoza kubwera kuchokera kwa ogulitsa ilibe kanthu. Lizani, mumvetsere. Pondani kilatchi, muwerenge mpaka 3, mulowetse rivesi. Ikalowa mwakachetechete, kilatchi ikulekanitsa bwino. Ikakhuluza, mwatsala mpweya m'paipi kapena ndodo ya pa chopondera ikufuna kusinthidwa, ndipo musatuluke pageti mpaka zimenezo zitatha. Mukatsitsa, manati a mashafuti amangidwe pa muyeso wake ndi kukhomedwa kuti asamasuke. Zungulirani m'makwalala a pafupi kaye, muyese buleki kangapo musanafike pa M1. Makilomita 500 oyamba muyende mofatsa, osanyamula katundu wolemera, osanyamuka mwaukali, kuti mbale ikhazikike pa flywheel. Pakatha sabata, kwezaninso galimoto, mupitenso pa bawuti iliyonse ya ma mounting, ndipo muyale katoni pansi usiku kuti m'mawa muone ngati pali dontho.